Khungu la Jelatina ndi Phazi la Ababa

Ntchito imene ndinaphunzira ndi yovuta kuifotokoza kwathu, moti ndinaleka kalekale kuyesa. Ndimapanga mnofu wabodza. Ee, mwamva bwino, musatong'ole maso choncho. Pali makina ojambula thupi ndi kuwala. Umaloza pakhungu, kuwalako kumalowa pang'ono m'mnofu n'kubwerera, ndipo pagalasi la makinawo pamatuluka chithunzi. Pamene magazi akuyenda bwino pamaoneka pofiira, pamene magazi sakufika pamaoneka pakuda. Koma makina nawonso amanama, ndiye asanawakhulupirire amayamba awayesa pa chinthu chimene ukudziwa bwino zam'kati mwake. Thupi la munthu sungalidziwe m'kati. Choncho umaumba lako: jelatina yogwirana ngati nsima ikazizira, mkaka wa ufa woti kuwala kuzibalalika monga kumachitira m'mnofu weniweni, ndi kachubu kowonda ka magazi kobisika pakati. Makina akakaona kachubuko pamalo pamene unakaika, ndiye kuti akuona bwino.

Zimenezi ndinaziphunzira ku Beira, m'chipinda chozizira chokhala ndi sikelo zoyeza ngakhale kafumbi. Aphunzitsi anga ankati ndili ndi dzanja labwino, ndipo ankafuna kuti ndipitirize. Kenaka kunabwera foni yoti ababa agwa kumunda, shuga wawakwera. Achimwene anga awiri ali ku Zambia, anakwatira konko, ndipo mlanduwo anauweruza msangamsanga: iwe ndiwe wamkazi, komanso ndiwe unaphunzira zachipatala. Basi, nkhani yatha. Ndinanyamula chikwama kubwerera ku Chifunde ndikuti ndikhalako miyezi itatu. Ndinapeza ntchito pa kachipatala kakumudzi, njira ya ku Mualadzi, yobaya anthu chala n'kuyeza malungo. Miyezi itatu ija inasanduka zaka, ine ndikubayabe zala.

Ndine wamtima wapachala, sindibisa. Zaka zimenezo ndinkakwiya ndi chilichonse: fumbi, mbuzi, woyendetsa mota, njinga yamoto ija, akachedwa, ngakhale ababa amene akamatafuna mwaphokoso. Ndinkawakonda, ndipo ndinkawadanso chifukwa chondimanga pamalo amodzi. Ziwirizi zimatha kugona m'mtima umodzi, amene sanasamalepo kholo lodwala ndiye angatsutse.

Aphunzitsi aja anandimvera chisoni. Chaka china m'chilimwe ananditumizira bokosi pa chapa, minibasi ya kwathu kuno. M'kati munali makina ang'onoang'ono ogwira m'manja, mapaketi a jelatina, ndi pepala lofotokoza kasakanizidwe kake. Pafoni anandiuza kuti makinawo ndi atsopano, sanaloledwe pa odwala, ndipo akufuna kudziwa mmene amachitira kumalo otentha ndi afumbi ngati kwathu.

"Uziumba mnofu, uzijambula, uzindilembera zimene ukuona," anatero. "Koma wamva? Osaloza munthu. Ngakhale mmodzi."

Ndinalonjeza. Tsiku limenelo ndinavina ndekha m'chipinda ngati mwana.

Walira mvula walira matope. Jelatina ndi dzuwa la kwathu sizimwerana madzi. Ndinkaumba mnofu wanga m'tizitini ta nsomba za sadinya totsuka bwino, m'mamawa kusanatenthe, koma pofika masana unali utasanduka phala, kachubu kakuyandama pamwamba ngati nyongolotsi. Pachipatala pali jelera imodzi yokha, firiji ya katemera wa ana, yoyendera mphamvu ya dzuwa. Ndinapita kwa anamwino aakulu, amene tonse timawatcha a shefi, mayi wonenepa wosaseka wamba.

"A shefi, kangodya kamodzi kokha. Tizitini titatu."

"Muli chiyani?"

"Jelatina ndi magazi a mbuzi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Magazi a mbuzi pamodzi ndi katemera wa ana a eni? Mwapenga kapena mwamwa?"

Ananena zoona, koma ndinatuluka ndikumenyetsa chitseko. Amene anandipulumutsa ndi ababa. Atandiona ndikutaya phala lachitatu kuseri kwa nyumba, anandiuza kuti nditenge mtsuko waung'ono ndiuike m'kati mwa mtsuko waukulu, pakati pake ndithire mchenga wonyowa, pamwamba ndifunditse chiguduli chonyowa, ndiike pamthunzi podutsa mphepo. Anati ndi mmene ankasungira mankhwala a amayi kumsasa wa othawa nkhondo. Ndinayesa mokayika. Mawa lake mnofu wanga unali gwaa, wonjenjemera pang'ono ukaugwedeza, ndipo makina anakaona kachubu kofiira psuu pamalo pake penipeni.

Magazi ndinkakatenga kwa bambo wina wopha mbuzi pamsika, ndikuthiramo mankhwala oletsa kuundana. Azakhali anga, mlongo wa ababa, amene amakhala nyumba yoyandikana nafe ndipo saphonya tchalitchi, ankaima patali manja ali m'chiuno.

"Mwana wa achimwene, anzako akuumba mabanja, iwe ukuumba nyama yopanda mwini. Anthu akamva zoti ukusunga magazi mu mtsuko adzatiotchera nyumba!"

"Ndi a mbuzi, azakhali."

"Ukawauze iwowo akabwera ndi miyala."

Ababa okha ndiwo ankakhala pampando wawo n'kumaonerera mwachidwi. Ankakonda kundiphimba m'maso ndi chipewa, kutembenuza kachitini kangapo, n'kufunsa ngati makina apezabe kachubu. Akapeza ankaomba m'manja. "Aaa, mashini awa ndi mfiti yeniyeni!" Iwo amati mashini, monga anazolowerera ku Zambia.

Mvula ili pafupi kugwa, ababa anadzitema ndi khasu pamwamba pa phazi lamanzere akusosa m'munda. Kanali kabala kakang'ono, koti munthu wopanda shuga akanaiwala pofika madzulo. Sanandiuze. Azakhali anakamata masamba, iwo n'kuvala nsapato kuti abise balalo. Ndinadziwa patapita masiku, chifukwa cha fungo. Nditavula nsapatoyo ndinatukwana, ndikuvomera, ndinatukwana pamaso pa bambo wondibereka. Phazi linali litatupa mpaka pakakolo, chilonda chikutuluka mafinya, zala ziwiri zitayamba kusintha mtundu.

A shefi anatsuka chilondacho, anapereka mankhwala, ndipo patatha sabata anandiitanira pambali. Anati apa pawakulira, alemba kalata yoti ababa apite kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete, ndipo ndisadzinamize, mwina akadula. Anatinso pakadafunda padajiwitsa, tisachedwe.

Ababa anamvetsera zonse mwaulemu, anathokoza, anapinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya. Titafika kunyumba anati, "Sindipita."

Chifukwa chake ndinkachidziwa, mudzi wonse unkachidziwa. Nthawi ya nkhondo banja lathu linathawira ku Zambia kudzera m'tchire chakufupi ndi Cassacatiza. Ine ndinabadwira kumsasa, ndipo amayi anamwalira konko ndisanayambe kuyenda. Nkhondo itatha tinabwerera. Patapita zaka ababa anapita kukaona manda a akazi awo, n'kukapeza anthu analimapo chimanga, palibe wodziwa pamene panali manda. Kuchokera tsiku limenelo analumbira pamtengo wa msolo, pamene amathira nsembe kwa makolo, kuti sadzagonanso kunja kwa mudzi uno, ndipo adzaikidwa wathunthu pafupi ndi atate awo.

"Amako anatayika onse," anatero. "Ine ukufuna nditayike chidutswachidutswa? Mwendo ku Tete, mutu kuno?"

"Ababa, mukakhala mufa."

"Ndani sadzafa?"

Ndinaimbira achimwene. Wamkulu anati ndiwanyengerere. Wamng'ono anati tipemphere. Palibe anati ndikubwera. Ndinagwira njakata, ndipo m'mawa uliwonse ndikamasula bandeji ndinkapeza kutupa kwakwerako pang'ono.

Tsiku lina ndikujambula tizitini tanga pakhonde, ababa anandiitana.

"Iwe, mashini akowo amaona m'kati mwa nyama, si choncho?"

"Nyama yanga youmbayi, ee."

"Anamwino aja akungoganiza. Madokotala a mumzinda amadula chifukwa mpeni ali nawo kale m'manja. Koma mashini alibe chifukwa chonamira. Loza apa. Akati phazi lafa, ndipita, pakuti chakufa si changanso. Akati lili moyo, undisiye."

Kwa nthawi yoyamba khomo linatseguka pang'ono. Ndinawafotokozera kuti makinawo saloledwa pa anthu, kuti ndinalonjeza. Anangoseka. Kenaka anatenga kachitini kamodzi, anakayang'anitsitsa, n'kukaika pafupi ndi msongolo wawo.

"Nanga khungu ili ndi la ndani?"

Ndinayang'ana. Mnofu wanga unali wotuwa mofiirira, ngati nkhumba yopala. Mwendo wa ababa unali wakuda bii. Milungu yonse ija ndinkatsatira pepala mzere ndi mzere, kuyeza ufa mosamala, kunyadira kuti zikutuluka monga ku Beira, osadzifunsa ngakhale kamodzi kuti pepalalo linalembedwa poganizira khungu la anthu ati. Ine, wakuda ngati bambo wanga, ndinkaumba azungu m'tizitini ta sadinya! Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha.

Mawa lake ndinaphika kafe, ndiye khofi, wowirira kwambiri, ndinamusefa pansalu, ndinasakaniza ndi jelatina, n'kuthira kagawo kopyapyala pamwamba pa mnofu kuti kakhale khungu. Ndinapanga mitundu isanu, kuyambira wotuwa mpaka woderatu. Ababa anatambasula mwendo wabwino, ine n'kumayerekeza kachitini kalikonse ndi msongolo wawo. Anasankha okha kachisanu. "Uyu ndiye m'bale wanga," anatero. Kenaka anakagona, thupi linali litayamba kutentha.

Ndinajambula ndili ndekha. Kachitini koyamba, kachubu kofiira psuu. Kachiwiri, kofiirabe. Kachitatu, kozimiririka. Kachinayi, kachizimezime. Kachisanu, mdima wokhawokha. Ndinapukuta diso la makina, ndinasintha batire, ndinathira magazi atsopano a m'mawa womwewo, ofiira bwino. Mdima. Kachubu ndinakaika ndekha ndi manja angawa, ndinkadziwa kuti kalipo, koma makina ankati mulibe magazi. Khungu lakuda linkameza kuwala konse kusanafike pamnofu. Ndinaganiza zojambula kunsi kwa phazi, kumene khungu la aliyense limayera, koma kunsi kwa phazi la mlimi amene wayenda wopanda nsapato moyo wake wonse kuli chikopa chokhuthala ndi zikang'a, ndipo chilondacho chinali pamwamba.

Ndinaimbira aphunzitsi. Anasangalala zedi. Anati chimenechi ndi chinthu chachikulu, ndilembe zonse, ndijambule kachitini kalikonse katatu, opanga makinawo ayenera kudziwa. Ndinawauza za ababa. Anandiyankha mosabisa.

"Ndiye waona wekha chifukwa chake. Pakhungu lotere makinawo anena kuti chilichonse chafa. Usawaloze."

"Ndamva."

Ndinamvadi. Masiku anayi ndinasunga lonjezo. Ndinayesa njira zonse zoona. Ndinachonderera, ndinalira, ndinabweretsa a shefi kunyumba pa mota, ndinatuma azakhali kuti alankhule ngati mlongo. Tsiku lachitatu ndinakalipa mpaka anansi anatuluka m'nyumba zawo: ndinati ndinataya moyo wanga chifukwa cha inu, ndiye mukufuna kundifera m'manja ngati nkhuku? Ababa anandiyang'ana ndi maso ofiira ndi kutentha thupi, n'kunena chinthu chimodzi chomwecho.

"Mashini anene."

Choona ndinkachidziwa, ndipo chikanawapha. Ndikanati makinawa saona pakhungu lanu, akanati ndiye palibe wodziwa, undisiye. Tsiku lachinayi kutupa kunafika pakati pa msongolo, ndipo anakana phala. Ndinalowa m'chipinda, ndinatenga makina. Ndinawagwira ndi manja onse awiri. Azakhali anaima pakhomo. Ndinamasula bandeji, ndinaloza pamwamba pa phazi, ndinadina. Chithunzi chinatuluka monga ndinkadziwira kuti chituluka, chakuda kuyambira kuzala mpaka m'mphepete mwa galasi.

Ababa anachiyang'ana nthawi yaitali. Anali ataonerera tizitini tanga kokwanira, ankadziwa tanthauzo la kufiira ndi la kuda.

"Palibe ngakhale kofiira kamodzi?"

"Palibe, ababa."

"Ndiye lafa."

Apa ndi pamene ndikanatha kunena zoona. Ndinati, "Lafa."

Anapuma mozama, anapempha malaya awo abwino, anatulutsa kalata ija m'thumba. Asananyamuke anapempha kuti awanyamule mpaka pamsolo, anathira ufa pansi, n'kuuza makolo kuti sakuphwanya lumbiro, akungoperekeza chinthu chakufa, ndipo abwera. Ndinaima kumbuyo ndikumva mawu amenewo.

Kuchipatala chachikulu madokotala anayeza mwa njira zawo, osadziwa n'komwe za makina anga. Anadula pansi pa bondo. Dokotala wina wamkazi anandiuza pakhonde kuti matendawo anali atayamba kulowa m'magazi, tikanachedwa pang'ono tikanabwera kudzatenga maliro. Mawu amenewo ndinawagwira zolimba, ndipo ndimawagwirabe. Ababa atatsitsimuka funso lawo loyamba linali la mwendo. Tinapempha, anatilola, ndipo ndinaubweretsa kumudzi ndekha, wokutidwa bwino m'bokosi, pa chapa kenaka pa mota. Adzukulu anakumba kadzenje pafupi ndi manda a agogo aamuna, pamalo amene ababa anasankha kalekale, n'kuuika kuti uziwadikira. Kunalibe kulira, azakhali okha ndiwo anaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Patapita milungu ababa anabwerera, owonda, akuyenda ndi ndodo ziwiri, koma amoyo ndiponso a nthabwala. Ndinayesa kuti zatha. Ha! Zinali zikuyamba kumene. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamva nkhani imodzi: madokotala sanaone kanthu, anaona ndi mashini a mwana wanga, anaunika m'kati mwa nyama ngati tochi. Ankanena monyada, akundiloza ndi ndodo. Azakhali, omwe aja a miyala, anayamba kuuza amayi a kutchalitchi kuti Mulungu anapatsa banja lathu mphatso. Posakhalitsa anthu anayamba kufika pakhomo m'mamawa. Mayi wa chotupa m'bere. Bambo wa bondo lotupa. Mtsikana wapakati wofuna kudziwa ngati mwana ali bwino. Ena anachokera kutali, pa njinga, atanyamula nkhuku.

Onse ndinkawabweza. Ndinkati makinawo saloledwa, pitani kuchipatala, a shefi akuonani. Ankachoka akung'ung'udza kuti ndine wodzikonda, mankhwala abwino ndasungira abale anga okha. Mayi wa bere uja anandigwadira pabwalo. Ndinamudzutsa, ndinamuperekeza ndekha kwa a shefi, koma m'maso mwake ndinaona kuti akuganiza kuti ndamumana chinthu. Kunena zoona sindikanatha, chifukwa choonacho chikanayenda pamudzi n'kukafika kwa ababa dzuwa lisanalowe. Kubweza makina kwa aphunzitsi sindikanathanso, ntchito ya tizitini takuda inali isanathe, ndipo inali ntchito yokhayo imene inkandikumbutsa kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinkaumba, ndinkajambula, ndinkalemba, ndikubisa galasi ndi thupi langa ababa akakhala pafupi. Iwo ankafunsa za m'bale wawo wa m'kachitini, ine n'kumati ali bwino.

Chimanga chitayamba kumasula, m'mawa wina ndikuwasambitsa, ababa anati phazi lotsalalo likuchita dzanzi.

"Ndi shuga, ababa. Ndiwauza a shefi."

"Loza mashini."

"Batire yatha."

"Dzulo unatchaja, ndinakuona."

"Saloledwa pa anthu."

"Pa linzake analoledwa ndi ndani?" Anaseka, koma maso awo anali ndi mantha enieni. "Mwananga, ndatsala ndi limodzi. Ngati nalonso layamba kufa ndidziwe msanga, ndisachedwe ngati paja. Ukundikaniza chiyani?"

Ndinayang'ana phazilo m'beseni. Linali lofunda, lopanda bala, mtsempha ukugunda bwinobwino pansi pa chala changa. Ndinawauza zimenezo. Anati chala changa si mashini. Ndinaganiza zonama kachiwiri, kunena kuti makina awonongeka, kapena kuwagwetsa dala pasimenti. Ndikanatha. Koma munthuyo anali ndi mantha amene ndinawabzala ndine, ndipo ndinali nditatopa, kutopa kwa m'mafupa. Ndinakatenga makina, ndinatenganso kachitini kachisanu mu mtsuko.

Ndinapukuta phazi, ndinaloza, ndinadina, ndinawapatsa galasi. Lakuda lonse, chimodzimodzi ngati lija.

Nkhope yawo inagwa. "Mayo ine. Nalonso?"

"Ayi, ababa. Phazi ili lili bwino. Taonani apa."

Ndinajambula kachitini. Mdima. Ndinatenga mpeni, ndinacheka mnofuwo pakati iwo akuona, ndipo kachubu kanatulukira, magazi ofiira n'kudontha pa chala changa. Ndinajambula msana wa dzanja langa. Mdima. Ndinawauza zonse: za kafe, za tizitini tisanu, za foni ya aphunzitsi, za masiku anayi aja. Ndinalankhula mofulumira ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anayang'ana pamene panali mwendo wawo.

"Tsiku lija unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Kuti mashini anena zakufa ngakhale phazi likhale lamoyo."

"Ee. Koma linali litawola, ababa. Madokotala anayeza okha, anati mukanachedwa mukanafa. Mukafunse a shefi, mukafunse aliyense."

"Madokotala sindinawafunse," anatero mofatsa. "Ndinafunsa iwe."

Ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo. Ndinalira, ndinati ndinkafuna mukhale moyo, ndipo ngati n'kulakwa ndingalakwenso mawa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati akuvomereza mtengo wa chinthu pamsika.

"Ndinakanena bodza lako pamsolo, pamaso pa atate anga," anatero. "Ndi pakamwa panga."

Anapempha ndodo zawo. Ndinafuna kuwagwira mkono, anakana, anadzuka okha movutikira n'kulowa m'nyumba.

Sanauze munthu aliyense. Alendo akayamba kutama makina, amangosintha nkhani n'kufunsa za mvula. Sanandikalipirepo, sanandithamangitse, amadya zimene ndaphika ndipo amathokoza. Makina ndinabweza kwa aphunzitsi pamodzi ndi zonse ndinalemba, ndipo ndinawauzanso kuti lonjezo ndinaliphwanya. Anakhumudwa, koma ananditumizira jelatina ina, akuti makina okonzedwa akadzabwera adzafuna tizitini takuda toyesera. Ndikuumbabe, pakhonde lomwelo, ababa ali pampando wawo akuyang'ana kumsewu.

Phazi lotsalalo ndimalisambitsa ndine m'mawa uliwonse. Ndimaliyang'ana pakati pa zala, ndimapapasa mtsempha, ndimalidzoza mafuta, n'kuwauza kuti lili bwino. Amati zikomo. Ndiye Lachisanu likafika amaitanitsa mota, amakwera ndi ndodo zawo, n'kupita kukafunsa a shefi.